Jakisoni wotseka mitsempha yotupa ya m'miyendo: mafunso ndi mayankho

Mitsempha ija imatupa n'kupotanapotana pakatumba kapena kuseri kwa bondo, komanso timitsempha tomwe timayala pakhungu ngati ukonde wa kangaude, zonsezi zimatheka kuzichiza ndi jakisoni. Madokotala amati sclerotherapy. Nawa mafunso omwe anthu amakonda kufunsa asanabayitse. Ena tawayankha mwachidule, ena tawatambasula, makamaka pomwe anthu amatayira ndalama kapena kudzivulaza.

Kodi mitsempha imatupa chifukwa chiyani?

Magazi akafika kuphazi amafunika kukwera kubwerera kumtima. Omwe amawakankha ndi akatumba: mukamayenda, katumba amafinya mitsempha ya mkati, magazi n'kumakwera. M'mitsemphamo muli tizitseko ting'onoting'ono tomwe timatseguka magazi akamakwera, n'kutsekeka kuti asatsikenso. Tizitsekoti tikafooka, magazi amabwerera pansi n'kudikha mumtsempha wa pansi pa khungu. Mtsemphawo umafutukuka, umatalika, kenako umapindika chifukwa chosowa malo.

Kawirikawiri ndi zakumtundu. Mimba imawonjezera, kukula kumawonjezera, kunenepa kwambiri nakonso, ndiponso ntchito zoima tsiku lonse monga za aphunzitsi, anamwino, ometa tsitsi, alonda ndi ogulitsa m'sitolo. Munthu yemwe magazi anamuundanapo mumtsempha wa mkati mwa mwendo naye amatha kutupa mitsempha patapita zaka.

Madokotala amaigawa potengera kukula kwake. Tosakwana milimita 1 ndi timitsempha ta kangaude tija. Ya pakati pa milimita 1 ndi 3 ndi ija imaoneka yobiriwira pansi pa khungu koma yosatumphuka. Yoyambira mamilimita 3 kupita m'mwamba ndiyo yotupa yeniyeni. Kukulaku n'komwe kumasankha mphamvu ya mankhwala ndi kabayidwe kake.

Jakisoniyu amagwira ntchito bwanji?

Si jakisoni wa pathako kapena paphewa. Dokotala amalowetsa singano yopyapyala kwambiri mumtsempha weniweniwo n'kupoperamo mankhwala omwe amawononga dala khungu la mkati mwa mtsempha. Makoma a mtsemphawo amamatana, magazi amasiya kudutsamo, ndipo pakapita masabata kapena miyezi umasanduka kachingwe kouma komwe thupi limakachotsa lokha pang'onopang'ono.

Mankhwala odziwika ndi awiri. Oyamba ndi polidocanol, omwe ku Ulaya amagulitsidwa pa dzina loti Aethoxysklerol ndipo ku America ndi Asclera. Poyambirira anapangidwa ngati mankhwala ochititsa dzanzi, n'chifukwa chake saluma kwambiri. Achiwiri ndi sodium tetradecyl sulphate, omwe ku Britain amadziwika kuti Fibrovein. Alipo ena omwe amabaya madzi a mchere wambiri, koma awa amawawa, ndipo akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha khungu.

Njirayi si yadzulo. M'zaka za m'ma 1960, dokotala George Fegan wa ku Dublin anaitchukitsa atabaya anthu masauzande ambiri. Iye ankati akabaya, amange mwendo mothina, wodwalayo aziyenda. Mfundo ziwirizo, kumanga ndi kuyenda, zikugwirabe ntchito mpaka lero.

Ndamva kuti pali jakisoni wamadzi ndi wathovu. Kusiyana kwake n'kotani?

Mankhwala ake ndi omwewo. Mumtsempha waung'ono, amadzi amakwanira. Mumtsempha waukulu amasakanikirana ndi magazi n'kusukuluka asanagwire makoma. Ndiye dokotala amatenga masirinji awiri olumikizidwa ndi kampopi, ina ili ndi gawo 1 la mankhwala, ina magawo 4 a mpweya, n'kumakankha uku ndi uku mofulumira mpaka papangike thovu loyera lolimba. Njira yosavutayi inafalitsidwa ndi dokotala wa ku Italy, Lorenzo Tessari, cha m'ma 2000.

Thovu limakankha magazi n'kukhala lokha mumtsempha kwa kanthawi, choncho mankhwala ochepa amagwira malo aakulu. Limaonekanso bwino pa sikani, moti dokotala amalitsatira komwe likupita. Malangizo a madokotala a ku Ulaya amati thovu lisapitirire mamililita 10 pa tsiku limodzi. Choncho ngati muli ndi mitsempha yambiri m'miyendo yonse iwiri, musadabwe akakuuzani kuti mubwerenso.

N'chifukwa chiyani akufuna kuyamba andiunika pa sikani pomwe mitsemphayo ikuoneka ndi maso?

Ili ndiye funso lalikulu pa onse. Mtsempha womwe mukuuona pakatumba kawirikawiri ndi nthambi chabe. Vuto limayambira m'mwamba, mumtsempha wautali womwe umachokera pakakolo wa mkati, kudutsa m'mbali mwa bondo ndi mkati mwa ntchafu mpaka m'mphechepeche. Mwa anthu ena limayambira mumtsempha waufupi wa kuseri kwa katumba, womwe umakalowa kuseri kwa bondo. Mitsempha iwiriyi siioneka ndi maso mwa anthu ambiri. Tizitseko take tikafooka, magazi amatsika n'kudzaza nthambi za m'munsi. Kubaya nthambi n'kusiya komwe magazi akuchokera kuli ngati kukolopa pansi mpopi ukutayabe madzi. Mwendo umaoneka bwino miyezi ingapo, kenako mitsempha ina imatulukira pambali pomwepo.

Sikani yake ndi ya mtundu womwe amaunikira amayi oyembekezera, koma iyi imaonetsanso komwe magazi akulowera. Imachitika mutaimirira, osati mutagona. Wounikayo amapaka mafuta ozizira pamwendo, amaikapo kachipangizo, kenako amafinya katumba wanu ndi dzanja n'kusiya. Akafinya, magazi amakwera. Akasiya, ayenera kuima. Ngati akubwerera pansi kupitirira theka la sekondi, ndiye kuti tizitseko ta mtsempha umenewo tafooka.

Palinso chifukwa china, chomwe ndi cha chitetezo chanu. Sikani imaonetsa ngati mitsempha ya mkati ili yotseguka. Ngati inatsekeka kale ndi magazi oundana, ndiye kuti mitsempha yotupa ya pamwambayo mwina ndi yomwe ikuthandiza magazi kutuluka m'mwendomo, ndipo kuitseka kungatupitse mwendo koposa.

Munthu yemwe ali ndi timitsempha ta kangaude tokha, mwendo wosalemera, wosatupa, wosayabwa, dokotala atha kumuona ndi maso ndi manja n'kukwanira. Koma ngati muli ndi mtsempha wotumphuka, wina n'kufuna kukubayani tsiku lomwelo osakuunikani, ine ndingati valani nsapato muzipita.

Ndikatseka mtsempha, magazi azidutsa pati?

Magazi ambiri a m'mwendo, pafupifupi magawo 9 pa magawo 10, amakwera kudzera m'mitsempha ya mkati mwa minofu. Ngati mitsempha ya mkatiyo ili yotseguka, mtsempha wotupawo sumathandizanso kukweza magazi, umangowabweza pansi. Ukatsekedwa, magazi amayenda bwino kuposa kale.

Zimapweteka? Nanga zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Mumamva kulasa kwa singano, nthawi zina kuyabwa kapena kutentha kwa mphindi zochepa, mwinanso kukokana. Sakugonekani tulo. Nthawi zambiri zimatha pasanathe ola limodzi, ndipo mumatuluka mukuyenda nokha. Tsikulo musadzole mafuta m'miyendo, ndipo valani chovala chomasuka kapena tengani chitenje.

Ululu waukulu woyaka pomwe akubaya si wabwino ayi. Nenani nthawi yomweyo, musapirire. Ungatanthauze kuti mankhwala akulowa pomwe sayenera kulowa.

Ndikabayitsa ndizichita chiyani?

Yendani. Mukangotuluka m'chipindamo yendani mphindi 20 kapena 30, ndipo muziyenda tsiku lililonse. Kugona pabedi "kuti mwendo upume" n'komwe kumaundanitsa magazi.

Adzakumangani bandeji kapena kukuvekani masokosi othina a kuchipatala, omwe amathina kwambiri pakakolo n'kumamasuka pokwera. Ambiri amauzidwa kuvala kwa sabata 1 mpaka masabata 3. Masokosiwa amachita kuyeza mwendo, makamaka m'mawa usanatupe. Osangotola pa kaunjika, ndipo a mpira wamiyendo si omwewo. Akapindika m'mphepete n'kumadula ngati lamba, akonzeni. Zala zikachita dzanzi kapena kuzizira, avuleni mukaonane ndi dokotala.

Kwa masiku oyamba pewani kusamba madzi otentha kwambiri, kunyamula zolemera ndi kuthamanga. Pomwe mwabayidwapo pasawombedwe ndi dzuwa. Ndipo ngati muli ndi mwayi wosankha nthawi, sankhani Juni kapena Julayi. Kuvala masokosi othina mu Okutobala, ku Nsanje kapena ku Salima, ndi chilango chomwe ambiri amachithawa pa tsiku lachitatu.

Za maulendo: kukhala malo amodzi maola ambiri kumaundanitsa magazi ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Ngati mwabayitsa ku Johannesburg, musakwere basi yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete m'mawa mwake. Madokotala ambiri amalangiza kudikira masabata angapo musanayende ulendo wautali wa pabasi kapena pandege, makamaka ngati anabaya thovu mumtsempha waukulu. Uzani dokotala za ulendo wanu musanabayitse, osati mutagula kale tikiti.

Ndidzaona kusintha liti?

Poyamba mwendo umaoneka moipa kuposa kale: mikwingwirima, kufiira, timabuma tolimba motsatira mtsempha. Timitsempha ta kangaude timazimiririka pakapita masabata 3 mpaka 6. Mitsempha yaikulu imatenga miyezi 3 kapena 4. Anthu ambiri amabayitsa kangapo, motalikiranitsa ndi masabata pafupifupi 6. Wofuna miyendo yosalala pa ukwati wa mwezi wamawa wachedwa kale.

Ndine wakhungu lakuda. Sindidzatsala ndi zipsera?

Apa m'pofunika kumva bwino, chifukwa zithunzi zambiri zomwe zipatala zimaika pa intaneti ndi za miyendo ya azungu. Vuto lofala kwambiri la jakisoniyu ndi mzere wakuda kapena wofiirira womwe umatsala pomwe panali mtsempha. Umabwera chifukwa magazi otsekeredwa mumtsemphamo amasweka n'kusiya ayironi pakhungu. Zimachitikira anthu pakati pa 10 ndi 30 mwa 100 alionse, ndipo akhungu lakuda ali pachiopsezo chokulirapo. Mwa ambiri mzerewo umatha pakati pa miyezi 6 ndi chaka, koma mwa ochepa umakhalitsa kuposa apo.

Ndiye dzifunseni moona mtima chomwe mukufuna. Ngati mwendo umalemera, umapweteka madzulo, umayabwa kapena unatulukapo magazi, mzere wakuda ndi mtengo wochepa. Koma ngati ndi timitsempha tomwe pakhungu lanu sitioneka n'komwe pokhapokha munthu atayandikira, mutha kuchotsa chosaoneka n'kutsala ndi chooneka.

Pali zomwe zimachepetsa vutoli. Pemphani kuti ayambe ayesa pamalo pang'ono pobisika, muone mmene khungu lanu lichitire. Dokotala wodziwa ntchito amagwiritsa mankhwala amphamvu yochepa yomwe ingakwanire. Valani masokosi monga mwauzidwira. Ndipo bwererani pa tsiku lomwe akupatsani. Akapeza kabuma kolimba kowawa, amakaboola ndi singano n'kufinya, mumatuluka magazi akuda okhuthala. Sizosangalatsa kuziona, koma ululu umachepa pomwepo ndipo banga limafulumira kutha.

Chomwe simuyenera kuchita ndi kupakapo mafuta oyeretsa khungu. Ayironi yemwe ali pansi pa khungu sachoka ndi mafuta amenewo. Choipa kwambiri n'choti ambiri mwa mafutawa ali ndi ma steroid, omwe amapyapyalitsa khungu n'kutulutsa timitsempha tatsopano. Amayi ena omwe amadandaula timitsempha tofiira kumaso ndi m'ntchafu, gwero lake ndi mafuta omwe akhala akudzola kwa zaka.

Pali zoopsa zina?

Zilipo. Ena amatuluka timitsempha tofiira tothithikana m'mbali mwa pomwe anabaya. Kawirikawiri timatha tokha pakapita miyezi. Mtsempha wobayidwa utha kutupa, kutentha ndi kuwawa kwa masabata angapo. Mankhwala akatayikira kunja kwa mtsempha pamatha kubuka kachilonda kochedwa kupola, komwe kamasiya chipsera.

Zosowa koma zazikulu ndi izi. Magazi atha kuundana mumtsempha wa mkati, zomwe zimachitikira munthu wosakwana 1 mwa 100. Thupi litha kudana ndi mankhwala mwadzidzidzi, munthu n'kubanika, n'chifukwa chake pobayira payenera kukhala adrenaline, mankhwala opulumutsa munthu zikatere, ndi munthu wodziwa kutsitsimutsa wodwala. Thovu limatha kuchititsa chizungulire, mutu waching'alang'ala kapena kuona zinthu mwachimbuuzi kwa mphindi zingapo. Izi zimakonda anthu omwe ali ndi kabowo kobadwa nako pakati pa zipinda za mtima, komwe munthu 1 mwa 4 ali nako osadziwa. Sitiroko inachitikapo, koma mwa apo ndi apo kwambiri. Ngozi yoopsa koposa ndi kubaya mumtsempha wobweretsa magazi kuchokera kumtima, zomwe zingaphe minofu mpaka kudulitsa phazi. Ichi n'chifukwa chake ntchitoyi si ya mu saluni.

Mukabwerera kunyumba n'kuona mwendo wonse watupa, katumba akuwawa kwambiri, phazi lazizira kapena lasintha mtundu, mukupuma movutikira, chifuwa chikubaya, kapena mbali imodzi ya thupi yafooka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Ndani sayenera kubayitsa?

Yemwe thupi lake linadanapo ndi mankhwalawa, yemwe magazi amuundana posachedwa m'mwendo kapena m'mapapo, yemwe ali ndi matenda a pakhungu pamalo pobayapo, ndi yemwe satha kuyenda. Yemwe magazi safika bwino kumapazi, monga ena odwala shuga kapena osuta fodya kwa zaka zambiri, ayenera kuyezedwa kaye, chifukwa kwa iye ngakhale masokosi othina ndi oopsa.

Mayi woyembekezera adikire. Mitsempha yambiri yotupa chifukwa cha mimba imaphwa yokha pakapita miyezi ingapo atachira. Woyamwitsa anene, chifukwa akabayitsa amauzidwa kuimitsa kuyamwitsa kwa masiku 2 kapena 3, ndiye ambiri amasankha kudikira mpaka mwana ataleka.

Tchulani mankhwala onse omwe mukumwa: mapilitsi olerera, warfarin kapena ena ochepetsa kuundana kwa magazi, aspirin, ma ARV, a shuga, a BP, ngakhale azitsamba. Musasiye aliwonse mwa inu nokha.

Mitsemphayi imabweranso? Kodi si bwino kungopanga opaleshoni?

Mtsempha womwe watsekeka bwino n'kuuma subweranso, koma wina utha kutsegukanso, makamaka waukulu, ndipo yatsopano imatha kutuluka chifukwa chibadwa chanu sichinasinthe.

Pa timitsempha ting'onoting'ono ta m'miyendo, jakisoni ndiye njira yoyamba. Pa mtsempha wautali wa m'ntchafu nkhani ndi ina. Malangizo a 2013 a bungwe la NICE, lomwe limalangiza zipatala ku Britain, amati poyamba ayese kuwotcha mtsemphawo mkati ndi laser kapena radiofrequency. Zikakanika, abaye thovu motsogozedwa ndi sikani. Nazonso zikakanika, ndiye opaleshoni yozula mtsempha. Kafukufuku wa CLASS wa ku Britain komweko, wa anthu 798, anapeza kuti patatha zaka 5 omwe anachizidwa ndi laser kapena opaleshoni ankamva bwino m'miyendo kuposa omwe anabayidwa thovu.

Izi sizikutanthauza kuti thovu n'lachabe. Silifuna makina odula kupatula sikani, silifuna chipinda cha opaleshoni, ndipo kubwereza n'kosavuta. Kwa munthu wachikulire yemwe sangagonekedwe tulo, kapena yemwe mitsempha yabwereranso atachitidwa kale opaleshoni, thovu ndi lomwe limathandiza. Mungodziwiratu kuti mwina mudzabayitsanso.

Ndili ndi chilonda chosapola pafupi ndi kakolo. Jakisoniyu angandithandize?

Ngati chilondacho chikuchokera ku mitsempha, inde. Chilonda chotere chimakonda kukhala pamwamba pa kakolo wa mkati, khungu lozungulira limada, limauma n'kulimba, ndipo chimachucha madzi. Mankhwala ake enieni ndi bandeji yothina yomangidwa ndi wodziwa, pamodzi ndi kutseka mtsempha womwe ukubweza magazi. Kafukufuku wa EVRA, wa odwala 450, yemwe anasindikizidwa mu 2018, anaonetsa kuti mwa omwe anatsekedwa mitsempha mwamsanga, theka anali atapola pofika tsiku la 56, pomwe mwa omwe anadikira zinatenga masiku 82. Thovu linali imodzi mwa njira zomwe anagwiritsa ntchito. Chilonda cha m'mwendo chikatha masabata 2 osapola, chikufunika dokotala.

Koma kwathu kuno si chilonda chilichonse kapena kutupa kulikonse komwe kuli kwa mitsempha. Shuga imabweretsa zilonda za kuphazi. Matenda a sickle cell amabweretsa zilonda za pakakolo mwa achinyamata. Miyendo yonse iwiri ikatupa, mwina ndi mtima, impso kapena chiwindi. Ndipo mawanga akuda kapena timabuma tolimba pamwendo wotupa titha kukhala khansa ya Kaposi sarcoma, yomwe ndi yofala m'Malawi ndi m'Zambia, makamaka mwa omwe ali ndi HIV. Zimenezi sizifuna jakisoni wa mitsempha. Zimafuna kuyezetsa msanga.

Nanga mphini, mafuta opaka ndi mankhwala omwe amatsatsa pa Facebook?

Palibe mafuta opaka omwe angakonze tizitseko tofooka. Ena amaziziritsa mwendo n'kuchepetsa kulemera kwa kanthawi, basi.

Mphini ndiye ayi. Mumtsempha wotupa magazi amakhala ndi mphamvu munthu akaimirira, moti lumo likaukhudza amathovoka. Khungu la pamenepo ndi lofooka kale, ndipo kabala kakang'ono kothiridwa mankhwala akuda katha kusanduka chilonda cha zaka. "Magazi oipa" omwe amati atuluka ndi magazi anu abwinobwino.

Zomwe zimathandizadi popanda jakisoni ndi kuyenda, kukweza miyendo pamtsamiro mukamapuma, kuchepetsa thupi ngati lakula, kunyang'ama ndi zala kangapo mukaima nthawi yaitali, ndi masokosi othina. Sizichotsa mitsempha, koma zimachepetsa ululu ndi kutupa.

Ndingayambire kuti, ndipo ndifunse chiyani?

Ku Malawi yambirani kuchipatala cha kwanuko kapena cha boma, komwe angakutumizeni kwa madokotala a opaleshoni ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Funsani ngati angakuunikeni mitsempha pa sikani, ndi njira zomwe ali nazo. Omwe muli ku Britain, makamaka anamwino ndi osamalira okalamba omwe mumaima maola 12, yambirani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu. NHS, yomwe imayendetsa zipatala za boma kumeneko, siichiza mitsempha pofuna kukongoletsa mwendo, koma ngati ikupweteka, khungu lasintha, inatulukapo magazi kapena pali chilonda, muyenera kutumizidwa kwa akatswiri a mitsempha. Nenani zonse zomwe mukumva, osangoti "ikuoneka moipa".

Ngati mukulipira nokha, onetsetsani kuti wobayayo ndi wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira madokotala m'dzikomo: ku Medical Council of Malawi, ku HPCZ ku Zambia, ku HPCSA ku South Africa, kapena ku GMC ku Britain. Funsani dzina la mankhwala, funsani ngati anabayapo anthu akhungu ngati lanu ndipo akuonetseni zithunzi zake. Funsaninso ngati mtengo womwe atchula ndi wa tsiku limodzi kapena wa mwendo wonse, komanso ngati sikani, masokosi ndi kubweranso kudzaonedwa zili momwemo. A inshuwalansi nthawi zambiri salipira zokongoletsa, choncho kalata ya dokotala ifotokoze zizindikiro zanu ndi zomwe sikani yapeza.

Mtsempha ukaphulika ndili kunyumba nditani?

Zimachitika, nthawi zambiri posamba kapena munthu akadzikanda, ndipo magazi amatuluka ambiri moopsa. Musakhale chiimire kapena pampando mwendo uli m'beseni. Gonani pansi chagada, kwezani mwendowo pampando kapena pakhoma kuti upitirire mtima, ndipo dinikizani pabalapo ndi nsalu yoyera mwamphamvu kwa mphindi 10 mpaka 15, osatukula kuti muone. Musamange chingwe kapena mphira m'mwamba mwa bala, chifukwa zimawonjezera kutuluka kwa magazi. Akasiya, mangani bandeji pabalapo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Akapanda kusiya, pitirizani kudinikiza mwendo uli m'mwamba, wina akafune galimoto. Mtsempha womwe waphulikapo umaphulikanso, choncho mukafika auzeni kuti mukufuna kuonedwa ndi dokotala wa opaleshoni, osati kungomangidwa bala n'kubwezedwa.